Mizere Yofiira ya Ambuya pa Jeti

Ndikawakumbukira ambuya Tembo, atate a amayi anga, chimayamba kundifika ndi fungo la phula losakaniza ndi oyilo wakuda wa m'injini, fungo la matope a mtsinje wa Kafue, ndi utsi wa nsomba zimene azimayi ankawamba kumtunda. Fungo limenelo linali m'ovolosi yawo, m'zikhadabo, mpaka m'bulangete, moti amayi anachita kutopa nako kuchapa. Likadutsa fungo limabwera phokoso, gu, gu, gu, hamala ikugunda mtengo pansi pa mapazi athu, ine ndi amayi titaima pa jeti Loweruka m'mawa kudikira mabwato a nsomba zokagulitsa kumsika, nkhungu isanachoke pamadzi.

Jetiyo inali mlatho wa matabwa wolowa mumtsinje koma wosafika tsidya, woima pa mizati yodzalidwa iwiriiwiri m'matope. Inali ya kampani ina ya boma yokonza maboti, kumene ambuya anagwira ntchito chichokereni ku Katete ali mnyamata. Ntchito yawo inali imodzi basi, kudziwa kuti jeti inganyamule anthu kapena ayi. Ankalowa m'bwato n'kudzikankhira pansi pa matabwa chowerama. Mzati uliwonse ankaugogoda ndi hamala, khutu ataligunditsa pamtengo, maso atatsinzina, milomo ikuyenda poti iwo kuwerenga chamumtima kunkawakanika. Akatero ankaubaya ndi chitsulo chosongoka pamalire a madzi. Mzati ukayamba kuola ankaulemba mzere umodzi wa penti wofiira, ukafunika kusintha mizere iwiri, ukatheratu itatu. Ankalemba pamzati pomwepo ndi pathabwa la pamwamba pake kuti woyenda aone. Pamene bauti yadyeka ndi dzimbiri ankamangapo kansanza.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ananditsitsira m'bwato muja, amayi akukuwa pamwamba kuti mwana agwera ng'ona.

"Mvera uyu," anatero, n'kugogoda. Mtengowo unalira mouma, mwamphamvu. "Tsono mvera mnzakeyu."

Winawo unalira ngati mgolo wopanda madzi. Anandigwira chala n'kuchiika pamene mtengo unali wofewa ndi wakuda.

"Mtengo suola pansi pa madzi, mdzukulu wanga, ndipo suola pouma. Umaola apa, pamene madzi amabwera n'kupita, kubwera n'kupita."

Tsiku limenelo ndinadzimva kuti ndine munthu. Kuyambira pamenepo mzati uliwonse ndinkaudziwa, ndipo amayi akamatsutsana mtengo ndi asodzi ine ndinkagona chafufumimba m'mphepete kuwerenga mizere. Izi ndazinena dala kuti pasapezeke wondikhululukira kuti mwina mwanayo sankadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino.

Ndili giledi seveni zinthu zinatembenuka. Makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ena kungotsekedwa. Ku Nangongwe kwathu azibambo amene ankathamangira kumafakitale m'mamawa anayamba kuswera pansi pa mitengo ya mango, ndipo pamsika panadzaza salaula, zovala zakale zochokera kunja, ndi anthu ogulitsa tomato kwa anzawo ogulitsanso tomato. Kampani ya ambuya inagulidwa ndi munthu amene nkhope yake sitinaionepo. Anatuma anthu ndi lole, anapakira mainjini ndi malata, anakhoma loko pageti, basi. Jeti anaisiya, poti jeti sungaikweze pa lole.

Loweruka lotsatira ambuya anavala ovolosi yawo monga mwa masiku onse.

"Atate, muyenda kuti?" anafunsa amayi. "Si nchito inasila?"

"Yanga inatha," anayankha akumanga nsapato. "Koma anthu akupondapobe."

Penti ankachita kupempha wotsalira m'zitini kwa anyamata olemba zikwangwani za magolosale. Mitengo yosinthira analibe, phula analibe, ndiye chimene akanatha n'kulemba chabe, ndipo chaka ndi chaka kufiira kunkachuluka chakumapeto kwa jeti. Kunabweranso udzu woyandama uja umene unatseka mtsinje zaka zimenezo. Unkaunjikana pamizati n'kumaikankha usana ndi usiku, ndipo ambuya ankalimbana nawo ndi ndodo yaitali mpaka msana kuwawa. Asodzi ndi azimayi a nsomba mizereyo ankaimva. Katundu wolemera ankatsitsira chakumtunda, kumapeto kunkapita munthu mmodzimmodzi, ndipo ena ankawapatsako ambuya tinsomba ta ndiwo.

Ine nthawi imeneyo mtima unali utapita kwina. Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ndinalowa tchalitchi chatsopano chimene chinkakumana m'kalasi ya pasukulu, chokhala ndi kiyibodi ndi masipika, kumene atsikana ankavala bulauzi yoyera n'kumatchulana sista. Koma inu, mmene ndinkachikondera! Kunyumba ndinali Esnati wonunkha nsomba, kumeneko ndinali Sista Esnati wa m'kwaya. Ba Pasita anali munthu wabwino, ndinene zoona, wochotsedwa ntchito ngati anzake, wofatsa polankhula. Wotentha anali ba Kelvin, wotsogolera achinyamata, amene atsikana tonse tinkafuna kuti atione tikupemphera. Ndipo zaka zimenezo aliyense ankaopa za Satana. Munthu akalemera msanga, ati Satana. Minibasi ikagubuduzika pamsewu wa ku Lusaka, ati Satana wafuna magazi. Ankatiuzanso kuti pansi pa madzi pali dziko lake.

Kunakonzedwa ubatizo wa kumtsinje. Ba Pasita adzaima m'madzi m'mbali, ndipo ife a kwaya, anthu makumi anayi, tidzaima kumapeto kwenikweni kwa jeti kuti nyimbo zimveke mpaka tsidya. Ba Kelvin anapita kukaona malo mkati mwa sabata, ndipo anabwera ku pulakatisi maso ali psu.

"Abale, paja pali guwa," anatero. "Naona neka na maso yanga. Magazi pa mitengo, mizere-mizere, na nsanza zomanga-manga. Ati kuli kamudala kamabwera kuseni kukangocha, kagogoda, kaika khutu, kayamba kukamba na va pansi pa manzi."

Atsikana anagwira pakamwa. Mnzanga Mutinta, amene tinkayandikana nyumba ndipo ambuya ankawadziwa, ananditembenukira. Ine maso anali m'kope la nyimbo. Dzina langa la kusukulu ndi Mwanza, ambuya ndi a Tembo, ndipo palibe wina m'kalasi muja akanatilumikiza. Mawu ochepa chabe akanakwana, kuti amenewo ndi ambuya anga ndipo uja ndi penti. Koma ndinaona m'maganizo mwanga kalasi yonse ikunditembenukira, ba Kelvin akundiyang'ana ngati mdzukulu wa kamudala, ndipo ndinangotembenuza tsamba la kope.

Anagwirizana zopita Loweruka masana kukayeretsa malowo. Ndikanatha kunena kuti mutu ukundiwawa, ndikanatha kupita kumsika ndi amayi. Ndinapita kumtsinje. Ambuya anali atabwerako kale m'mawa, asodzi atabalalika. Tinafika ndi zidebe, miyala yokwechera ndi botolo la mafuta odzozera, ndipo tinakwecha matabwa aja tikuimba, dzuwa likutiotcha m'khosi, mpaka mizere yonse ya pamwamba inachoka. Nsanza tinazidula n'kuziotcha kumtunda.

"Tasiliza?" anafunsa ba Kelvin akupukuta thukuta.

Mpaka lero sindidziwa chimene chinatsegula pakamwa panga.

"Ilipo ina kunsi," ndinatero. "Mbali iyi."

Ndinawatsogolera mzati ndi mzati, ngakhale ija yobisika kumbuyo kwa udzu imene munthu sakanaiona popanda kudziwa. Anyamata ankatsetsereka n'kupeza ndendende pamene ndaloza. Ba Kelvin anakweza manja kumwamba.

"Aleluya! Onani, Mzimu wamuonetsa! Sista Esnati ali na mphatso!"

Anandiombera m'manja, ena kundikumbatira. Ndipo ndisaname, zinanditsekemera. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati munthu wapambana mayeso, Mutinta yekha ndiye sanandilankhule njira yonse.

Madzulo tikudya nshima pakhonde amayi anati, "Atate, mdzukulu wanu mailo Lamulungu aimba pa jeti yanu. Kuli ubatizo."

Ambuya anasiya mbamu ili m'manja.

"Pa jeti penipeni? Anthu angati?"

"Makumi anayi," ndinayankha.

"Oima chilili kapena ovina?"

"Kwaya yathu imavina, ambuya."

Milomo yawo inayamba kuyenda, kuwerenga.

"Asapitirire pakati. Kuchokera pakati kupita uko ndi mizere itatu yokhayokha. Iwe umadziwa kuwerenga, ukawaonetse abusa ako asanakwerepo anthu. Wamva?"

"Inde, ambuya."

Zala zanga zinali zonyuka ndi miyala ija, ndipo mchere wa m'ndiwo unkaluma. Ndinadya mofulumira n'kukatsuka mbale. Kwa ba Pasita sindinapite, ndipo ndinadziuza kuti jeti yaima zaka zonsezi, tsiku limodzi silingaigwetse.

Lamulungu m'mawa ndinapeza ambuya atatuluka kale. Ife tinanyamuka pasukulu pamzere, obatizidwa patsogolo atavala zoyera, ife pambuyo tikuimba, ana a m'makomboni akutithamangira m'mbali, fumbi lili kobo. Titatsikira kumtsinje nyimbo inayamba kuzima kuchokera kutsogolo. Ndinasuzumira pakati pa mapewa a anzanga.

Ambuya anali pa jeti. Anali atazula matabwa asanu pakati penipeni, n'kuwasanja bwinobwino kumtunda, misomali ataiwongola n'kuiika m'kachitini. Pakati pa jeti panali mpata woti munthu sangadumphe, madzi akuoneka pansi. Iwo anaima mbali ya kuno, ovolosi itanyowa mpaka m'chiuno.

"Ni kameneka!" anakuwa ba Kelvin. "Ni kamudala kaja!"

Ambuya anavula chipewa n'kuyang'ana ba Pasita.

"Pepani abusa, ndakusokonezerani. Kuchokera kumtunda kufika pano mungaime, pakunyamulani. Uko ayi. Anthu awiri oyenda pang'onopang'ono, inde. Makumi anayi odumpha pamodzi, ayi. Ndinalemba, koma ndapeza wina wafufuta, ndiye ndinaona kuti pakamwa pokha simundimvera."

Anagona chafufumimba m'mphepete mwa mpata uja, anatambasula dzanja, n'kubaya mzati wa kutsogolo ndi chitsulo chawo. Chinalowa chonse mpaka pogwirira, ngati m'dzungu lophika. Anachizula, n'kutapa ndi zala zinyenyeswa zakuda zonyowa n'kuwaonetsa ba Pasita. Anabayanso mzati wa mbali inayo, chimodzimodzi. Mumtima ndinati zikomo Yesu, aona okha, zatha popanda ine.

Ba Kelvin anawerama n'kuyang'anitsitsa pamene tinakwecha dzulo lake, poti mabala a miyala ankaonekabe pamtengo.

"Abale, bwerani muone! Uyu ni wamene tinachotsapo magazi. Na uja futi. Yonse yamene anapaka ndiye yaola, yamene sanapake ili chabe bwino! Manje mufuna umboni wa bwanji?"

Mayo ine! Anthu anaphulika. Ena anayamba malilime, ena kukuwa kuti moto, moto, ndipo kumbuyo mzimayi wina anatchula liwu lija, mfiti, ena n'kulilandira. Kumtunda kunali asodzi awiri atatu akusoka maukonde, anthu odziwa zonse, koma nkhani ya ufiti munthu sailowerera, anangoweramira maukonde awo. Ambuya anali atagwada, akuyesa kufotokoza kuti penti amabwera pambuyo pa kuola, koma mawu awo sankamveka.

Ndi pomwe Mutinta anandigwedeza mkono akulira, n'kukuwa mosaganiza.

"Esnati, kamba! Ni ambuya bako aba!"

Ba Pasita anakweza dzanja ndipo phokoso linatsika. Anabwera pamene ndinaima, anandiyang'ana mofatsa, ndipo ndikhulupirira kuti ankafunadi kumva zoona.

"Sista Esnati, ni ambuya bako?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiwe unationetsa mizere. Manje tiuze, itanthauza chani? Osayopa. Vamene uzakamba tizamvera."

Yankho lonse linali pakamwa panga. Koma kuliyankha kunali kuvomera pamaso pa anthu onsewo kuti dzulo panalibe Mzimu wondionetsa kanthu, kuti ndinkadziwa chifukwa ndinaphunzitsidwa m'bwato, ndipo ndinalola kuti andiombere m'manja. Ba Kelvin ankandiyang'ana. Atsikana a bulauzi zoyera anali atasuntha kale pang'ono kuchoka pamene ndinaima.

"Ine siniziba vamene bamachita kuno," ndinatero.

Ambuya anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anandiyang'ana kumaso, kenako m'manja mwanga monyuka muja, osati nthawi yaitali. Anavala chipewa.

"Mwanayo sadziwa kanthu, abusa. Kuno sindinabwere nayepo. Musiyeni."

Munthu amene ankabweza nsomba akaona kuti msodzi wamuonjezera mosadziwa, tsiku limenelo ananama pamaso pa mpingo chifukwa cha ine. Ba Pasita analetsa kuti wina asawakhudze, koma mnyamata wina anali atatola kale hamala ndi chitsulo chija n'kuziponya pakati pa mtsinje, anthu n'kufuula aleluya. Ambuya anatenga kachitini ka misomali n'kukwera kumtunda, anthu akuwapatukira ngati ali ndi nthenda. Kwaya inaimira m'mbali mwa madzi. Palibe anadumpha mpata uja, palibe anagwa, ndipo chifukwa palibe anagwa, palibenso anadziwa chimene anapulumuka. Ine ndinaimba nawo nyimbo zonse mpaka ubatizo unatha.

Amayi anamva kumsika kuti a tchalitchi anyoza atate awo, anatukwana ba Kelvin sabata yathunthu, koma za ine sanamve, poti Mutinta anasunga pakamwa ndipo ambuya sanawauze. Dzina lija la mfiti ndiye linakakamira. Azimayi amene ankabweretsa mipando yothyoka kuti ambuya akonze anasiya. Ana ankathawa akawaona, ena kuwaponyera timiyala kuseri kwa mpanda. Mvula itabwera mbali ya kumapeto kwa jeti inapendekeka n'kumira yokha popanda munthu pamwamba, ndipo ku Nangongwe anati mtsinje watenga guwa lake.

Chimene chinandipweteka kuposa zonse chinayamba sabata yomweyo. Ndinkachokera ku pulakatisi ndi atsikana atatu, ndipo kutsogolo ndinaona ambuya akubwera njira yomweyo. Ndisanaganize chochita, iwo anawoloka msewu n'kukaima pa kantemba kena kogulitsa tinthu, kumayang'ana mabatire amene sankafuna kugula, mpaka tinadutsa. Poyamba ndinkayesa kuti akwiya nane. Koma madzulo kunyumba anali omwe aja, kundisungira mutu wa nsomba, kundifunsa za masamu. Ndinawapeza okha kuseri akusenda nzimbe ndipo ndinaima pafupi.

"Kumsewu usamavutike kundipatsa moni," anatero osadzutsa mutu. "Uli ndi anzako, ndipo iwe ukhala kuno nthawi yaitali kuposa ine."

Akanandimenya mbama bwenzi zitandipepukira. Ndinayenera kugwada pomwepo, ndinayenera kunena kuti ambuya ndine ndinawaonetsa mizere. Ndinangoti, "Inde, ambuya," n'kulandira nzimbe. Miyezi isanu ndi itatu ankawoloka msewu chifukwa cha ine, ndipo ine ndinkawalola.

Kenako malume anabwera kuchokera ku Katete n'kunena kuti mkulu sangamakhale malo amene ana akumugenda, tsiku lina adzamuotchera nyumba. Ambuya sanakane. Tsiku lonyamuka amayi anandiuza kuti ndiwanyamulire chikwama mpaka pokwerera, ine ndinati ndichedwa kusukulu. Koma njira ya kusukulu imadutsa pomwepo, ndipo ndinadutsa ndi atsikana awiri a m'kwaya minibasi ya ku Lusaka isanadzaze. Ambuya anali pawindo, chipewa chili pamutu, chikwama pamiyendo. Anandiona. Anaona amene ndinali nawo. Anatembenuzira nkhope mbali inayo, kumayang'ana khosi la munthu wokhala nawo pampando.

Anamwalira kumudzi patapita zaka ziwiri, ine ndisanapiteko.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndimapempherabe, ndipo ndamvapo maulaliki ambiri onena kuti zakale zinapita. Mwina kumwamba zinapitadi. Kwa ine manyazi amenewa sanachepe ngakhale pang'ono, ndipo ndinasiya kupempha kuti achepe. Pokwerera paja ndimadutsapo pafupifupi tsiku lililonse. Tsiku lija, kuchoka pamene ndinali kufika pawindo lija panali mapazi osakwana khumi, windo linali lotsegula, m'manja mwanga munalibe katundu. Mnzanga wina anandifunsa kuti wayang'ana chiyani, ine ndinati palibe, ndipo tinapita kusukulu.